Junta ya hedi pa injini yokwezedwa mphamvu: ya kufakitale, yazitsulo, ya waya kapena ya kopa?

Lole ya matani anayi inafika pagalaja panga kuno ku Ulongwe ili pa chingwe, ikukokedwa ndi inzake kuchokera kufupi ndi Mussacama. Unali mwezi wa Novembala. Mwini wake, bambo wachikulire amene amatsika ndi mbatata ya kachewere kumisika ya ku Tete n'kubwerako ndi simenti, sanalankhule zambiri. Anatsegula chotsekera ledieta n'kundikodola. Titaliza injini, madzi ankatumphuka thovu ngati phala pamoto.

"Amestre, si inu munandiikira junta yazitsulo ija? Munati iyi ndiye yolimba kuposa zonse."

"Ndine ndemwe, bambo. Tiyeni titsegule tione."

Panali patangopita milungu isanu ndi umodzi chiiikire. Titachotsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, junta (gasiketi yokhala pakati pa hediyo ndi buloko, thunthu la injini) inalibe vuto m'kapangidwe kake. Vuto linali pankhope ya hedi. Kumene ndinakaipalitsa anasiya timizere tomwe chikhadabo chinkakodwamo, ndipo mwaye unali utayenda m'timizere timeneto kuchoka pa silinda yachitatu mpaka pabowo la madzi. Timizereto ndinationa tsiku lomanga, koma bamboyo anali ndi katundu wodikira, ine n'kuthamanga. Ntchito yachiwiriyo ndinaigwira ndi ndalama zanga. Kuyambira pamenepo munthu akandifunsa kuti gasiketi yabwino ndi iti, kapena junta monga timanenera ambiri kuno, ndimayamba ndamufunsa kuti injini yake anaichita chiyani, ndipo hedi yake ikapalidwa kuti.

Tiyambe ndi katundu amene junta imasenza. Tengani injini ya Toyota 1HZ, ya malita 4.2, imene ili m'ma Land Cruiser ambiri oyenda m'misewu ya fumbi ya ku Macanga ndi Chifunde. Silinda yake ndi yotambalala mamilimita 94. Dizilo akaphulika pa mphamvu ya mabar 100, hedi imakankhidwa m'mwamba ndi kulemera kwa pafupifupi matani 7 pa silinda imodzi, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Chimene chimaletsa hedi kunyamuka ndi mabawuti. Junta imangokhala pakati, kutseka moto, madzi ndi oyilo kuti zisakumane. Ndiye mukaika turbo pa injini imene inabadwa yopanda turbo, kapena mukatsegula bomba (pampu ya dizilo) kuti ithire dizilo wambiri, kapena mukapititsa timing (nthawi yothirira dizilo mu silinda) patsogolo, kukankha kuja kumakula koma mabawuti ndi omwe aja. Hedi imanyamuka pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, moto n'kupeza podutsa.

Opanga injini amadziwa zimenezi. 1HZ imapanikiza mpweya pa 22.4:1, pomwe mbale wake wobadwa ndi turbo, 1HD-T, anamutsitsa kufika pa 18.6:1. Woika turbo pa 1HZ akuthira mphepo yochuluka mu injini yopanikiza kale kwambiri. Walira mvula walira matope: mphamvu yowonjezera imabwera ndi kutentha kwake.

Ndipo kuno kwathu kutentha sikufuna kuitanidwa. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi kwambiri, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Ulongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300. Lole yochokera ku Moatize ili ndi simenti imayamba ulendo madzi atatentha kale, kenaka n'kukwera zitunda kwa nthawi yaitali pa giya yaing'ono. Kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imafooka, ndipo n'chifukwa chake eni malole amabwera kudzapempha kuti tiwatsegulire bomba. Dizilo wochuluka wopanda mpweya wokwanira amangosanduka utsi wakuda ndi moto wa mu ekizozi. Junta zambiri zimene ndatsegula zinaphedwa ndi zimenezi, pamodzi ndi madzi a pachitsime othiridwa mu ledieta, omwe amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'njira za madzi.

Ya kufakitale

Pa injini zakale zambiri, junta ya kufakitale imakhala yofewerapo: pakati pali chitsulo chopyapyala, mbali zonse ziwiri anamata graphite, ndipo pakamwa pa silinda iliyonse pali mkombero wachitsulo wotchinga moto. Ubwino wake waukulu ndi woti imakhululuka. Graphite imalowa m'timizere ndi m'timaenje ting'onoting'ono, choncho hedi yopalidwa ndi makina akale, kapena buloko imene simunaichotse m'galimoto koma mwangoiyeretsa bwino, imatsekeka ndithu. Kwa ife amene makina abwino opalira ali kutali, umenewu si ubwino wochepa.

Pofooka pake ndi pamkombero paja. Injini ikawira kamodzi kokha koopsa, mkombero umaphwanyika ndipo subwereranso, graphite n'kuyamba kupsa. Kawirikawiri imaboka pakati pa masilinda awiri oyandikana, pamene pali popyapyala. Komabe kwa lole imene mwangotsegula bomba pang'ono, kapena ya turbo ya kufakitale imene mwakweza boost (mphamvu ya mphepo ya turbo) mochepa, ine ndimaika iyi popanda kukayika, bola ikhale yeniyeni. Apa ndiye pamene anthu amagwa. Pamsika pali majunta okhala m'mapepala okongola olembedwa dzina la kampani, koma mukaigwira mkombero wake umapindika ndi chala ndipo mabowo a madzi sagwirizana ndi a buloko. Musanaike, iyaleni pa yakale muone bowo lililonse. Kusiyana kwa mtengo pakati pa yeniyeni ndi yachinyengo sikufika ngakhale pa mametikale amene mungalipire wokukokani kuchokera ku Zóbuè.

Yazitsulo zosanjikiza

Iyi ndi imene amaitcha MLS. Ndi timapepala ta chitsulo chosachita dzimbiri, titatu kapena kuposa, tosanjikizana. Tapamwamba ndi tapansi tili ndi mizere yotukuka yozungulira silinda ndi mabowo, ndipo tinakutidwa ndi kamphira kopyapyala kwambiri. Mizere yotukukayo imagwira ntchito ngati sipuling'i: hedi ikanyamuka pang'ono, iyo imaitsatira, osasiya mpata. Siipsa ngati graphite. Injini zambiri za dizilo za masiku ano zimachoka kufakitale zili ndi mtundu umenewu, ndiye ngati yanu inabwera ndi MLS, bwezeranimo MLS basi.

Nkhani imavuta pamene mukufuna kuika MLS pa injini imene inali ndi yofewa. Kamphira kaja n'kochepa zedi moti sikangadzaze mzere umene chikhadabo chikuumva. Opanga ambiri amafuna kuti nkhope ikhale yosalala kufika pa Ra (muyeso wa kukakala kwa nkhope) ya pafupifupi 1.2 micron kapena kutsika apo, ndipo osati hedi yokha ayi, buloko nayonso. Tanthauzo lake n'lakuti injini yonse ituluke, iphwasulidwe, buloko ipite kumakina. Ambiri amapalitsa hedi yokha, buloko n'kuikwecha ndi sandipepala wa m'manja, kenaka n'kumadabwa kuti junta yodula ikudontha madzi. Ndi zimene zinandichitikira ine, ngakhale kuti kwanga cholakwa chinali pa hedi.

Musanatumize hedi ku Tete, ku Lilongwe kudzera pa Calómuè, kapena ku Blantyre, afunseni opalawo ngati amatha kusalaza nkhope ya MLS, ndipo ikabwera iyendetseni chikhadabo mopingasa mizere. Chikakodwa, musaike. Ikani yofewa, kapena bwezani hedi. MLS imaikidwa youma, yopanda girizi kapena silikoni, ndipo onetsetsani kuti timisomali tolumikiza timapepala take sitikupanikizika pakati pa hedi ndi buloko.

Ikaikidwa pamalo ake oyenera, iyi ndiyo imene ndingasankhe pa injini yoikidwa turbo imene ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Mabawuti, pomwe pagona nkhani

Ndikadakhala ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha pakati pa junta yodula ndi mabawuti atsopano, ndikadagula mabawuti. Pa injini zambiri, buku limakuuzani kuti mumange ndi torque wrench kufika pa nambala inayake, kenaka muzungulize madigiri 90, mwina kawiri. Bawuti wotere amatamuka dala, ndipo kutamukako n'kumene kumagwira hedi. Akatamuka kamodzi sabwerera bwinobwino. Mabuku ena amalola kumugwiritsanso ntchito mukamuyeza n'kupeza kuti ali m'malire, koma pa injini yokwezedwa mphamvu ine sindibwezeramo akale.

Njira ina ndi masitadi, monga a ARP a ku America. Sitadi ndi chitsulo cha mazinga mbali zonse: mumachilowetsa mu buloko ndi dzanja, hedi n'kukhala, kenaka nati pamwamba. Chitsulo chake n'cholimba kuposa bawuti wamba, sichipotoka pomanga chifukwa chozungulira ndi nati yokha, ndipo mutha kumasula n'kumanganso. Kuti muone kufunika kwa kugwira kwa hedi, ku America kuli injini ya Ford ya malita 6.0 imene inatchuka ndi kupsa junta, makamaka ikakwezedwa mphamvu. Inali ndi mabawuti anayi okha ozungulira silinda iliyonse, ndipo mankhwala odziwika anali masitadi. Cummins 6BT ya malita 5.9, yomwe timaiona m'malole ena a Tata ndi Dongfeng, ili ndi mabawuti 26 pa masilinda 6, ndipo imapirira zambiri.

Koma sitadi yomangidwa molakwika ndi ndalama yotayika. Mphamvu yambiri imene mumakoka pa sipanala imathera pa kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa nati, yochepa chabe ndiyo imakoka chitsulo. Choncho nambala ya torque imayendera limodzi ndi mafuta amene opanga anena. Mukapaka oyilo wa injini pamene anati mupake girizi wawo, hedi sigwira mofanana. Mabowo a mu buloko ayeretsedwe ndi kuumitsidwa. Mnyamata wanga ndimamuuza tsiku lililonse kuti, "Iwe, uzira bowo lililonse ndi mpweya ndisanafike." Madzi kapena oyilo zikatsalira pansi pa bowo, bawuti amalimba asanagwire hedi, ndipo nthawi zina buloko imang'ambika. Kumanga kumayambira pakati kupita kunja, m'magawo, monga mwa buku la injiniyo. Masitadi achinyengo aliponso, ndipo ndi oopsa kuposa mabawuti enieni a kufakitale. Ngati simukudziwa kumene achokera, gulani mabawuti enieni atsopano.

Waya, mphete ndi kopa

Pa injini zokwezedwa kwambiri, makamaka 6BT, pali njira yoika waya, imene amati O-ring. Makina amadula kangalande kozungulira silinda iliyonse pankhope ya hedi, n'kulowetsamo waya wachitsulo wokhuthala pafupifupi milimita imodzi, wosiyidwa atatuluka kunja pafupifupi kota ya milimita. Mukamanga hedi, wayayo amaluma pamkombero wa junta, kugwira konse n'kuunjikana pamalo pomwe moto umafuna kutulukira. Imagwiradi, ndipo galimoto yotero itha kuyenda tsiku ndi tsiku. Koma kangalande kalikonse kayenera kukhala kakuya kofanana ndi kanzake ndiponso kugwera pa mkombero ndendende. Kakasemphana, waya amadula junta m'malo moigwira. Pamafunikanso masitadi, ndi kubwereza kumanga injini ikatentha n'kuzizira kangapo. Waya ameneyu amayenda ndi junta yofewa ya mkombero. Musamuphatikize ndi MLS pokhapokha opanga juntayo atanena okha. Pa injini ngati 1HZ, imene ili ndi timakapu toyakira moto tolowetsedwa pankhope ya hedi, kangalandeko kangadutse pa timakapu timeneto, ndiye sindingayese n'komwe.

Mphete zamoto, fire ring, zimapitirira apo. Amachotsa mkombero wa junta, n'kuika mphete yachitsulo payokha m'ngalande yodulidwa mu hedi, nthawi zina ndi mu buloko momwe. Junta imatsala ndi ntchito ya madzi ndi oyilo basi. Izi ndi za magalimoto a mpikisano wokoka zolemera, amene amaphwasulidwa pafupipafupi. Lole ya fodya yoyima ndi kunyamuka kakhumi pa tsiku siigwirizana nazo.

Ya kopa, kapena kuti mkuwa, nayo chimodzimodzi. Moto imautseka bwino ikakhala ndi waya, koma madzi ndi oyilo imadontheza pokhapokha mutapaka zomatira, ndipo imafuna kumangidwanso kawirikawiri. Ndamvapo amisiri ena akudula junta pa chipepala cha kopa chifukwa yeniyeni yasowa. Ingakufikitseni kunyumba, koma musayende nayo ulendo wa ku Beira.

Zina ndingozitchula kuti muzipewe: kusanjikiza majunta awiri pofuna kutsitsa compression (kupanikiza kwa mpweya mu silinda), kubwezera yakale mutaipaka penti kapena girizi, kumata silikoni kuzungulira silinda, ndi mankhwala a m'botolo othira mu ledieta. Mankhwalawo amatseka timachubu ta ledieta, injini n'kumatentha kuposa kale.

Kukhuthala

Apa ambiri salabadira, koma pa dizilo mpata wa pakati pa pisitoni ndi hedi ndi wochepa kwambiri. Pisitoni ikafika pamwamba imatuluka pang'ono kupitirira nkhope ya buloko, ndipo kutulukako n'kumene kumasankha kukhuthala kwa junta. N'chifukwa chake majunta a Toyota ndi Isuzu ambiri ali ndi timabowo, timano kapena zilembo m'mphepete: chizindikiro chilichonse ndi kukhuthala kwake. Ngati simunasinthe mapisitoni ndipo buloko sinapalidwe, gulani ya chizindikiro chofanana ndi yakale. Ngati mwasintha chimodzi mwa izi, yezani kutuluka kwa pisitoni iliyonse ndi dial gauge, geji ya singano yoyezera tizigawo ta milimita, kenaka muone m'buku. A Cummins ali ndi majunta a 6BT okhuthala moonjezera ndi 0.25 mm ndi 0.50 mm, opangira buloko yopalidwa. Yopyapyala mopitirira, pisitoni imamenya mavalavu kapena hedi. Yokhuthala mopitirira, injini imavuta kulira m'mawa wa mu Juni kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo imafuka utsi woyera mpaka itatentha. Ena amasankha dala yokhuthala kwambiri pa injini yoikidwa turbo. Imatsitsako compression pang'ono, koma siilowa m'malo mwa kuchepetsa dizilo.

Kuwongoka kwa hedi kumayezedwa ndi chitsulo chowongoka ndi feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mpata), m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Malire ali m'buku la injini iliyonse, ndipo ndi tizigawo tating'ono ta milimita. Hedi imene inawira iyesedwenso ngati ili ndi ming'alu, chifukwa mng'alu wa pakati pa mavalavu umatulutsa thovu mu ledieta chimodzimodzi ngati junta yopsa, ndipo mutha kusintha junta katatu osapeza mtendere.

Pa malole aakulu odutsa pa mlatho wa Kassuende, a injini ngati Cummins N14 kapena Detroit Series 60, masilinda ndi ma liner olowetsa, ndipo m'mphepete mwa liner mumayenera kutuluka pamwamba pa buloko pang'ono ngati kukhuthala kwa pepala. Liner imodzi ikatitimira, palibe junta ya mtundu uliwonse imene ingagwire pamenepo. Pamafunika kukonza pokhalira pake ndi kuika mashimu, tizitsulo topyapyala toikwezera.

Ndiye musankhe iti?

Lole ya ntchito yotsegulidwa bomba pang'ono, hedi yopalidwa ndi makina wamba: junta yeniyeni ya kufakitale ya kukhuthala koyenera, ndi mabawuti atsopano. Malole ambiri a kuno ali m'gulu limeneli, ngakhale eni ake amafuna kumva dzina la chinthu chodula. Injini yoikidwa turbo, kapena yokwezedwa boost mooneka, imene mwaitulutsa yonse ndipo nkhope zonse ziwiri zasalazidwa bwino: MLS, ndi masitadi ngati mwapeza enieni. Waya ndi wa munthu wa 6BT amene wapitirira patali ndipo ali ndi mmisiri wa makina amene anaichitapo ntchitoyi. Mphete ndi kopa sindingamuikire munthu amene galimoto yake ndiyo imadyetsa ana.

Pa zonsezi ndimaumirira kuti paikidwe geji ya kutentha kwa ekizozi. Geji ya madzi imachedwa. Ikamafika pofiira zinthu zaonongeka kale. Ya ekizozi imakwera pomwepo mukaponda mafuta pachitunda. Gejiyo ikakhala kuti yaikidwa pomwe utsi usanafike pa turbo, amisiri ambiri salola kuti ikhalitse kupitirira madigiri 700. Ikayandikira, tsitsani giya, injini izungulire momasuka. Onjezani coolant weniweni wosakaniza ndi madzi oyera, chotsekera ledieta chogwira bwino, ndi thermostat. Chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira chimangopangitsa kuti izitentha ndi kuzizira mosinthasintha, ndipo junta imatopa msanga. Mukaona kuti madzi akutayika pokhapokha mukakwera chitunda ndi katundu, koma pamalo athyathyathya ayi, kapena mapaipi a ledieta ali gwa m'mawa injini isanalire, hedi yayamba kunyamuka. Bwerani nayo isanawire.

Lole ya bambo aja tinaibwezera junta yofewa ya kufakitale, chifukwa sanafune kutulutsa injini yonse pakati pa nyengo ya malonda. Hedi inakapalidwanso kwina, tinaika mabawuti atsopano, bomba tinaibweza pang'ono mpaka utsi wakuda unatha, timing tinaibwezera pa chizindikiro cha kufakitale, ndipo ledieta tinaitsukitsa. Ulendo woyamba ndinakwera nawo mpaka ku Moatize ndi kubwerera, simenti ili pamsana. Titayamba zitunda titadutsa Mussacama, singano ya ekizozi inakwera kufika pa 680.

"Bambo, tsitsani giya."

Anatsitsa. Singano inabwerera pa 600, ndipo tinakwera chitunda chonsecho pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula. Titafika pagalaja tinadikira kuti injini izizire, mnyamata n'kutsegula ledieta. Madzi anali pomwe tinawasiya m'mawa.